Chakudya cha Ulendo wa Pansi: Kuwerengera Chola cha Mwana Aliyense

Sukulu zikatsekera mu Ogasiti, magulu ambiri a achinyamata amanyamuka kukagona kuthengo. Ena ndi a Scout, gulu limene Robert Baden-Powell analiyamba mu 1907 pamene anatenga anyamata pafupifupi 20 kukagona pa chisumbu cha Brownsea ku England. Ena ndi ma Pathfinder a m'mipingo yathu, amene mpingo wonse unawavomereza mu 1950, ndipo amalandira ana a zaka 10 mpaka 15. Ambiri mwa inu amene munaphunzira pano mumapemphedwa kutsogolera maulendo otere, popeza anthu amati mlimi amadziwa thengo.

Pa ulendo umene galimoto imakatula katundu pamsasa, wokonza chakudya akalakwitsa sizioneka kwambiri. Koma pa ulendo wa pansi, chilichonse chimene ana adzadya chimayenda pamsana pawo. Chikachuluka, mwana amalefuka asanafike. Chikachepa, amagona ndi njala kutali ndi kwawo. Choncho tikuti chakudya cha ulendo chiwerengedwe monga momwe timawerengera chakudya cha ng'ombe ya mkaka: tiyang'ane kulemera kwa thupi, ntchito imene thupilo lidzagwira, ndi masiku ake, kenaka tiyeze pa sikelo.

Yambani ndi msana wa mwana

Lamulo limene oyenda maulendo otere amatsata n'lakuti chola cha kumsana chisapose gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa mwini wake. Mwana wolemera makilogalamu 40 asanyamule zoposa makilogalamu 8, ndipo wamng'ono kapena wosazolowera anyamule zochepera apo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kotero malita awiri a m'njira atenga kale makilogalamu awiri. Bulangete, neti yoteteza udzudzu, zovala, mbale ndi kapu zimafika pa makilogalamu atatu. Otsala ndi makilogalamu atatu okha, ndipo m'menemo muyenera kulowa chakudya cha masiku atatu pamodzi ndi gawo la mwanayo la katundu wa gulu, monga mphika, mthiko, chingwe kapena pulasitiki yofolera pogona. Malire ake ndi amenewa, ndipo mndandanda wa zakudya uyenera kugonjera malirewo.

Madzi a m'zakudya asiyeni kunyumba

Zakudya zambiri zimalemera chifukwa cha madzi amene ali m'kati mwake. Mu tomato ndi kabichi, magawo oposa 90 pa 100 alionse ndi madzi. Mbatata yaiwisi, magawo atatu mwa anayi ndi madzi. Mwana wosenza kabichi wa makilogalamu awiri wasenza madzi, pamene chakudya chenicheni chili pang'ono.

Mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi imayezedwa m'makalori. Magalamu 100 a ufa wa chimanga amapereka makalori pafupifupi 360, a nshawa pafupifupi 570, a mafuta ophikira pafupifupi 900, pamene a mbatata yaiwisi safika 100. Apa mlimi ali ndi mwayi woposa wa m'tauni, chifukwa chakudya chopepuka ndi champhamvu ndi chomwe chija amafutsa ndi kusunga chaka ndi chaka: ufa, nshawa, nsinjiro, mfutso wa nkhwani kapena wa khwanya, chimanga chokazinga ndi ufa wa malambe. Zogula kusitolo ndi zochepa: mafuta, shuga, mchere, machesi ndi ma soya. Nshawa zisankhidwe ndi manja, zonyala ndi zachuku zitayidwe, pakuti poizoni wa chuku satha ndi kukazinga.

Muyeso woyambira

Kwa munthu mmodzi pa tsiku, tiyambire pa muyeso uwu: ufa magalamu 350, nshawa ndi nsinjiro pamodzi magalamu 100, ma soya magalamu 60, shuga magalamu 40, mafuta magalamu 30, ndi mfutso magalamu 20. Zonsezi ndi magalamu 600, ndipo zimapereka makalori pafupifupi 2,500. Anyamata a zaka 15 ndi akuluakulu adzafuna zoposa apo, ana a zaka 10 zocheperapo, kotero mphika umodzi umawakwanira onse. Magulu amene amadya nsomba angaike kapenta m'malo mwa ma soya.

Tiyerekeze gulu la ana 8 ndi akulu awiri, lonyamuka Lachisanu m'mawa ndi kubwera Lamlungu madzulo. Pa masiku atatu, munthu aliyense afuna makilogalamu 1.8, ndipo anthu khumi afuna makilogalamu 18: ufa 10.5, nshawa 3, ma soya 1.8, shuga 1.2, mfutso 0.6, ndi mafuta lita imodzi. Onjezerani mchere ndi anyezi pang'ono. Onani kuti tawerengera masiku atatu athunthu, ngakhale kuti chakudya cha m'mawa cha Lachisanu ndi cha madzulo cha Lamlungu adzadyera kunyumba. Zakudya ziwiri zotsalazo n'zosungira, chifukwa chakudza sichiimba ng'oma: mwana angabinye mwendo, gulu lingasochere, mphika ungagubuduke.

Musanyamule ufa wonse m'thumba limodzi. Yezani chakudya cha nthawi iliyonse, muike m'kapepala ka pulasitiki kakekake, mulembepo tsiku ndi nthawi yake, ndipo mugawire ana monga mwa mphamvu zawo. Potero wophika wa Lachisanu sangathe kudyetsa anthu ufa wa Lamlungu, ndipo chola chimodzi chikanyowa powoloka mtsinje, gulu silitaya zonse.

Nthawi ya pamoto

Chakudya chilichonse chili ndi mtengo wachiwiri, ndiwo nkhuni ndi nthawi. Nyemba zouma zimatenga maola awiri kapena kuposerapo, pamene ma soya ndi mfutso wotendera zimapsa lisanathe theka la ola. Ngati gulu likufuna nyemba, zinyikeni m'botolo la madzi m'mawa kuti zifewe muli m'njira, ndipo muziphike pa tsiku limene mwafika pamsasa msanga.

Tsiku loyenda, m'mawa ana amwe phala la nsinjiro ndi shuga. Masana musasonkhe moto, chifukwa kuphika ndi kutsuka kumadya maola awiri a kuwala. Adye nshawa ndi chimanga chokazinga, buledi wopaka chiponde, ndi madzi osungunulamo malambe. Nsima ndi ya madzulo, gulu litamanga msasa. Zolemera ndi zosachedwa kuwonongeka zidyedwe tsiku loyamba. Tomato, nthochi ndi mbatata, ngati mukuzifuna, kaguleni pamudzi woyandikana ndi msasa m'malo mozisenza kuchokera kwanu.

Kwa ma Pathfinder pali nkhani ya Sabata. Mu Ogasiti dzuwa limalowa cha m'ma 18:00, kotero ulendo wa Lachisanu ukhale waufupi, kuti pofika 14:00 mukhale mutafika, mutunge madzi, mutole nkhuni ndi kuphika. Koma kuthengo kulibe firiji. Mpunga, nyemba ndi ndiwo zotendera zikagona m'mphika kufikira masana a mawa lake zimatha kutsegula m'mimba gulu lonse. Zokonzeratu za Sabata zikhale zouma kapena zosasenda: mbatata zootcha m'makoko ake, buledi, chiponde, nshawa ndi zipatso. Nsima ya tsikulo iphikidwe dzuwa litalowa.

Njira itsate madzi

Munthu woyenda padzuwa amafuna malita atatu kapena kuposerapo pa tsiku, osawerengera ophikira. Anthu khumi sangasenze madzi a masiku atatu, choncho njira ndi malo ogona zisankhidwe potsata zitsime ndi mijigo. M'chilimwe timitsinje tambiri timaphwa, ndipo chitsime chimene munachiona mu Epulo chingakhale chouma. Mtsogoleri mmodzi ayende njira yonseyo patatsala sabata imodzi, aone madzi ndi maso ake, akaonekere kwa mfumu ya deralo ndi kupempha malo, ndipo adziwe kumene kuli chipatala chapafupi. Kumalo osungira nyama zakuthengo sikulowedwa popanda chilolezo cha Department of National Parks and Wildlife.

Madzi a mumtsinje kapena a padambo ayambe adikha, asefedwe pa nsalu yoyera, kenaka awiritsidwe kufikira atabwadamuka kwa mphindi imodzi yathunthu. Ngati mukuthira Clorin, tsatani muyeso wolembedwa pa botolo ndipo mudikire mphindi 30. Ana asasambe m'madzi odikha, muli likodzo, ndiponso asatunge pamtsinje waukulu asanafunse eni dera za ng'ona. Mwana amene mkodzo wake wachepa ndi kuda, mutu ukumupweteka, thupi lake likusowa madzi. Akhale pamthunzi ndi kumwa pang'onopang'ono. Wotsegula m'mimba apatsidwe ORS. Mapaketi akatha, sungunulani masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, ndipo akapanda kupeza bwino mupite naye kuchipatala.

Moto ndi msasa

Ogasiti ndi mwezi wa mphepo ndi udzu wouma. Moto wothawa pa mafuwa a ana ungapsereze msipu, nkhokwe ndi nyumba za anthu amene anakulandirani. Lambulani mamita awiri kuzungulira mafuwa kufikira dothi lioneke, kutali ndi pogona, ndipo chigubu cha madzi chikhale pafupi. Tolani nkhuni zogwa zokha, osadula mtengo wamoyo. Nkhadze musaiyese nkhuni kapena mthiko, utomoni wake umawononga maso. Potola nkhuni ana avale nsapato, ndipo chipika achigubuduze ndi ndodo. Wina akalumidwa ndi njoka, musateme pabala, musayamwe, musamange chingwe chothina; agone osagwedeza chiwalocho ndipo anyamulidwe kupita kuchipatala. Pozimitsa moto thirani madzi, takasani phulusa, thiraninso, kufikira dzanja litagwira osamva kutentha.

Chakudya chipachikidwe pa nthambi ndi chingwe, chifukwa chiswe chimaboola thumba logona pansi usiku umodzi wokha, ndipo linthumbu limatsata mafuta ndi nyenyeswa. Chimbudzi chikumbidwe mamita 60 kapena kuposerapo kuchokera pa madzi, ndipo pafupi pake papachikidwe botolo lobooledwa ndi sopo. Wophika ndi wogawa asambe m'manja pamaso pa onse. Mapepala a pulasitiki abwerere m'chola.

Ana agwire okha

Baden-Powell anagawa anyamata ake m'timagulu ting'onoting'ono, kalikonse ndi mtsogoleri wake wa pakati pawo, ndipo ma Pathfinder amachitanso chimodzimodzi. Cholinga n'chakuti ana aphunzire kudzisamala. Mtsogoleri akawerengera yekha, kugula yekha ndi kuphika yekha, anawo adzabwera atakhuta koma osadziwa kanthu. Apatseni sikelo ndi pensulo. Wina awerengere ufa, wina asunge machesi m'kabotolo kotseka, ena asinthane kutunga, kuphika ndi kutsuka. Funsaninso makolo ulendo usanafike ngati pali mwana amene nshawa kapena soya zimamuwenga, kapena amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku.

Patatsala sabata ziwiri, sonkhanitsani gulu pabwalo la tchalitchi tsiku Lamlungu. Aliyense abwere ndi chola chake cholongedza, chiyezedwe, ndipo ayende nacho makilomita atatu atavala nsapato zomwe adzavale pa ulendowo. Pobwera aphike chakudya cha madzulo chimodzi ndi muyeso womwewo, mphika womwewo ndi mafuwa atatu. Pamenepo mudzaona ngati mphika ukukwana anthu khumi, ngati ufa wa munthu mmodzi ukukhutitsa, ndi ngati lamba wa chola cha wina akufuna kusokedwa. Mukabwerako ku ulendo, yezani zimene zatsala ndi kulemba zimene zinaperewera m'buku la gulu, monga timalembera zokolola za munda uliwonse, kuti amene adzatsogolere chaka chamawa ayambire pa manambala a ana a kwanuko.