MASAMU A ZINTHU ZOWERENGEKA (Gawo Loyamba): Milatho ya Euler ndi Misewu ya mu Blantyre

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a Folomu 4 zikangotuluka, anyamata ndi atsikana a m'Ndirande, m'Bangwe, m'Chilomoni ndi m'madera ena a mzinda uno amayamba kuponya maso ku Chichiri, kumene kuli sukulu yaukachenjede imene idatsegulidwa mu 1965 ndi dzina loti Polytechnic, ndipo kuyambira mu 2021 imatchedwa MUBAS. Mukawafunsa chimene akufuna kukaphunzira, ambiri amayankha mosazengereza kuti makompyuta. Mukawafunsanso kuti maphunziro a makompyutawo n'chiyani, amatchula kutayipa, kukonza mafoni ndi kuyenda pa intaneti. Ochepa okha ndiwo amadziwa kuti pakhomo penipeni pa sayansi ya makompyuta pamakhala masamu a mtundu wina, amene pa Chingerezi amati discrete mathematics, ndi kuti wophunzira wosawakonzekera akhoza kupunthwa asanalembe n'komwe pulogalamu yaphindu. Nkhani ino, imene izituluka m'magawo, talembera iwowo pamodzi ndi aphunzitsi awo, pakuti mmera mpoyamba.

Tiyambe ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri. Pali zinthu zimene timayeza, palinso zimene timawerenga. Nsalu ya mu msika wa Limbe timayeza ndi mita, ndipo tikhoza kuidula pakati, n'kudulanso theka lakelo pakati, mpaka sizasi italephera kugwira. Madzi a mu Mudi nawonso timayeza. Koma anthu okwera minibasi, nyumba za m'Kanjedza ndi zigoli za pa bwalo la Kamuzu timachita kuwerenga, chifukwa palibe theka la wokwera kapena theka la chigoli. Kompyuta ndi makina owerenga. M'kati mwake zonse zimasungidwa ndi zizindikiro ziwiri zokha, 0 ndi 1, monga momwe nyale yamagetsi imakhalira yozima kapena yoyaka. N'chifukwa chake masamu ake ndi a zinthu zowerengeka: magulu a zinthu, malamulo a choona ndi chabodza, kawerengedwe ka njira zosanjira zinthu, ndiponso madontho olumikizidwa ndi mizere. Lero tikamba za madontho ndi mizere.

Mu mzinda wa Königsberg, umene lero ukutchedwa Kaliningrad ndipo uli m'manja mwa dziko la Russia, mtsinje wa Pregel udagawa malo kukhala mitunda inayi: magombe awiri ndi zilumba ziwiri. Mitundayi idalumikizidwa ndi milatho 7. Anthu a mu mzindamo ankafunsana ngati kunali kotheka kuyenda ulendo umodzi wowoloka mlatho uliwonse kamodzi kokha. Ambiri adayesa ndi miyendo yawo nalephera, koma kulephera kwa anthu ambiri si umboni wakuti chinthu n'chosatheka. Yankho lidachokera kwa Leonhard Euler, katswiri wa masamu wa ku Switzerland amene ankagwira ntchito ku St Petersburg, m'chaka cha 1736.

Euler adaona kuti kukula kwa zilumba ndi kutalika kwa milatho kunalibe ntchito pa funsoli. Chofunika chinali kudziwa kuti mtunda uti ukulumikizana ndi uti, ndipo ndi milatho ingati. Tsono adalingalira motere. Munthu akalowa pamtunda ndi mlatho umodzi, ayenera kutulukapo ndi mlatho wina, poti woyambawo wauwoloka kale. Choncho milatho ya mtunda uliwonse umene munthuyo akungodutsapo iyenera kukhala iwiriiwiri, monga 2, 4 kapena 6. Malo awiri okha ndiwo angakhale ndi mlatho wotsala wopanda mnzake: poyambira ulendo ndi pothera ulendo. Ku Königsberg mtunda umodzi unali ndi milatho 5, ndipo itatu inayo inali ndi milatho 3 uliwonse. Mitunda yonse inayi inali ndi mlatho wotsala, pamene lamulo likulola iwiri yokha. Motero ulendowo unali wosatheka, ndipo panalibenso chifukwa chothera nsapato.

Masiku ano mtunda uliwonse timaujambula ngati dontho, mlatho ngati mzere, ndipo chithunzi chotere akatswiri amachitcha graph. Ophunzira asachisokoneze ndi girafu ya x ndi y ija adaizolowera ku sekondale. Madontho akhoza kuimira mphambano, mizere n'kuimira misewu. Akhozanso kuimira makompyuta ndi mawaya ake, kapena anthu ndi ubwenzi wawo pa Facebook. Munthu wowerenga mamita a madzi m'Chitawira, amene akufuna kudutsa msewu uliwonse kamodzi kokha, ali ndi funso la Euler lomwelo. Awerenge mphambano zimene pamakumana misewu itatu. Zikapitirira ziwiri asadzivute, misewu ina ayenera kuibwereza basi, ndipo chomutsalira ndi kusankha yaifupi yoti aibwereze.

Funso lachiwiri ndi la njira yachidule, ndipo nthawi zina pamakhala moyo wa munthu. Tiyerekeze kuti ambulansi ikuchoka ku Limbe kupita ku chipatala cha Queen Elizabeth pa Ginnery Corner. Mphindi zotsatirazi tangozipeka kuti chitsanzo chimveke. Kuchoka ku Limbe kufika ku Chichiri ndi mphindi 10, ndipo kuchoka ku Chichiri kufika pa Ginnery Corner ndi mphindi 6. Njira ina ndi yodzera ku Kanjedza, mphindi 5, kenaka ku Chitawira, mphindi 8, ndi kumalizira pa Ginnery Corner, mphindi 7.

Edsger Dijkstra, katswiri wa ku Netherlands, adapeza kachitidwe koyankhira funso lotere mu 1956, nakasindikiza mu 1959. Timayamba ndi kulemba 0 pa Limbe. Pa malo oyandikana nawo timalemba mphindi zofikirapo: Kanjedza 5, Chichiri 10. Kenaka timatenga malo a nambala yochepetsetsa mwa amene sitidawatsirize, ndiwo Kanjedza, n'kuona kumene amatifikitsa: Chitawira, 5 kuwonjezera 8, ndiye 13. Otsatira ndi Chichiri, amene atifikitsa pa Ginnery Corner ndi 16. Tikatenga Chitawira tipeza kuti kudzera kumeneko tikafika ndi 20, nambala yoposa 16, choncho tiitaya. Yankho ndi mphindi 16, kudzera ku Chichiri. Kachitidweka sikanama pa chifukwa ichi: tikatenga malo apafupi kwambiri mwa otsala, njira ina iliyonse yopita kumeneko iyenera kuyamba yadutsa malo ena otsala, amene ali kutali mofanana kapena koposa, kotero kuti singapambane. Mmamawa, pamene magalimoto athithikana pa msewu wa Masauko Chipembere ndipo ulendo wa ku Chichiri wafika mphindi 20, mawerengedwe omwewo adzasankha njira ya ku Kanjedza, pakuti 20 ndi yochepa kuposa 26. Mapu a m'mafoni amatsata maganizo a mtundu womwewu posonyeza munthu njira.

Wina angafunse kuti, nanga popeza kompyuta imathamanga kwambiri, bwanji osangoiuza kuti iyese njira zonse n'kusankha yabwino? Apa ndi pamene pagona phunziro lalikulu. Tiyerekeze lole ya buledi yochokera ku Limbe imene iyenera kutsitsa katundu m'malo 10: Bangwe, Chigumula, Kanjedza, Soche, Zingwangwa, Chilobwe, Chilomoni, Chirimba, Ndirande ndi Machinjiri. Malo oyamba dalaivala akhoza kuwasankha mwa 10, achiwiri mwa 9 otsala, achitatu mwa 8, mpaka otsiriza. Tikachulukitsa manambala onsewa tipeza mindandanda 3,628,800. Imeneyi kompyuta ikhoza kuiyesa yonse munthu asanamalize kapu ya tiyi. Koma malowo akakhala 20, mindandanda imafika pa nambala ya manambala 19 kutalika kwake, ndipo makina oyesa mindandanda 1,000,000,000 pa sekondi iliyonse angatenge zaka 77 kuti amalize. Buledi akanaola kalekale, dalaivala atakalamba.

Taonani tsono kusiyana kwa mafunso awiri ofanana nkhope. La ambulansi lili ndi kachitidwe kachangu kotsimikizika. La lole ya buledi, mpaka lero, palibe amene adapeza kachitidwe kachangu kopereka yankho labwino koposa pa mapu a mtundu uliwonse, ndipo akatswiri nthawi zambiri amakhutira ndi yankho loyandikira. Funsoli ndi la m'banja limodzi ndi funso lotchuka la P ndi NP, limene bungwe la Clay Mathematics Institute la ku America lidaikira mphotho ya madola 1,000,000 mu 2000. Wophunzira wodziwa kusiyanitsa mafunso awiriwa ndiye amene adzapulumutsa ndalama ndi nthawi ya omulemba ntchito. Wosadziwa adzalemba pulogalamu yoyenda bwino pa malo 10, nadzadabwa ikadzaima chilili pa malo 20.

Kwa inu aphunzitsi, pempho lathu ndi limodzi. Masamu amenewa safuna makina okwera mtengo ayi. Choko ndi bolodi n'zokwanira, ngakhale ndodo ndi mchenga. Chimene amafuna ndi mwana wozolowera kufunsa kuti "chifukwa chiyani?" Yesani ichi m'kalasi: uzani ana kuti m'minibasi mukakhala anthu 13, awiri mwa iwo ayenera kuti adabadwa mwezi umodzi. Ena adzafuna kupita pa siteji ya Mibawa kukafunsa okwera. Alekeni aganize kufikira mmodzi ataona yekha kuti miyezi ilipo 12 yokha, ndipo ngakhale anthu 12 oyambawo atabadwa aliyense mwezi wakewake, wachikhumi n'chitatu alibe mwezi wopanda mwini. Umenewo ndiwo umboni, ndipo mwana amene waulawa kamodzi sadzakhutiranso ndi kuloweza pamtima. Phunziro la magulu a zinthu, limene lili kale m'masamu a ku sekondale, musalithamangire ngati lopanda pake, chifukwa ku yunivesite ndilo maziko.

Kwa inu amene mwangotsiriza sukulu ndipo mukudikira kusankhidwa, musataye makope anu a masamu. Tengani pepala, jambulani mphambano ndi misewu ya kwanuko, muwerenge mizere ya pa dontho lililonse monga adachitira Euler. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tikusiyirani funso ili. Matimu 5 a mpira agwirizana kuchita mpikisano woti timu iliyonse isewere masewero 3 okha, osapitirira kapena kuperewera. Kodi mlembi wa mpikisanowu angathe kukonza ndondomeko yake? Jambulani matimuwo ngati madontho, masewero ngati mizere, ndipo kumbukirani kuti mzere uliwonse uli ndi nsonga ziwiri. Yankho lake tidzalipereka m'gawo lachiwiri, mmene tidzakambenso za bawo, mawerengedwe ozungulira a pa wotchi, ndi momwe manambala amatetezera ndalama zotumizidwa pa foni.