Mwana Wanu wa Chaka Chomaliza pa Sukulu ya Zamalonda

Abambo ndi amayi a ku Mchinji, alipo ena mwa inu amene munagulitsa mtedza, soya, mbuzi ngakhale ng'ombe imene kuti mwana wanu akaphunzire za malonda ku koleji. Zaka zitatu zapita, ndipo tsopano mwanayo ali m'chaka chachinayi, ndicho chomaliza. Koma m'malo mwakuti zofuna zake zichepe, muona kuti zachuluka. Lero apempha ndalama ya ulendo, mawa ya kusindikiza mapepala, mkuja afuna nsapato ndi malaya oyera. Pa tchuthi safika kumudzi, ati ali pa ntchito, koma ntchito yake yopanda malipiro. Motero ena mwa inu mwayamba kukayika ndi kufunsa kuti, "Kodi mwanayu ali kuphunziradi, kapena wayamba kutidyera?" Sabata ino tifuna kukufotokozerani zimene ophunzira otere achita m'chaka chomalizachi, kuti mudziwe kumene ndalama zanu zipita, ndiponso kuti muone phindu limene inu eni mungapezepo.

Sukulu zake ndi ziti?

Sukulu yaikulu ya Boma yophunzitsa za malonda ili ku Blantyre. Inayamba m'chaka cha 1965, ndipo kwa zaka zambiri anthu anaidziwa ndi dzina lakuti Polytechnic. Kuyambira 2021 ili payokha, ndipo dzina lake ndi Malawi University of Business and Applied Sciences, mwachidule MUBAS. Kumeneko aphunzira kusunga mabuku a ndalama, kuyendetsa kampani, kutsatsa malonda ndi kugula katundu wa maofesi.

Ina ili pafupi ndi inu, ndiyo LUANAR, imene inayamba kuyenda payokha m'chaka cha 2012. M'kati mwake muli Bunda ndi koleji ya NRC, ija muidutsa pa msewu wochokera kuno kupita ku Lilongwe. Kumeneko kuli maphunziro a ulimi wa bizinesi, ndiwo osonyeza munthu kuti munda nawonso ndi sitolo, uli ndi zolowa ndi zotuluka. Palinso Malawi College of Accountancy ndi makoleji ena amene si a Boma. Kawirikawiri digiri itenga zaka zinayi munthu atakhoza mayeso a Fomu 4.

Ntchito ya pagulu

Zaka zoyamba mwana akhala pansi kumvera mphunzitsi ndi kulemba mayeso. Pofika kumapeto aphunzitsi afuna kuona ngati nzeru za m'buku zija zingagwire ntchito kunja. Chifukwa chake awagawa ophunzira m'magulu a anthu owerengeka, napatsa gulu lililonse vuto lenileni la malonda kuti alithetse. Ena auzidwa kuganiza bizinesi yatsopano ndi kulemba dongosolo lake lonse: mpamba udzachokera kuti, ogula ndani, opikisana nawo ndani, ndipo phindu lidzayamba kuoneka mwezi uti. Ena atumidwa kukaona bizinesi imene ilipo kale ndi kupeza pamene ndalama zili kutayikira.

M'gulumo agawana ntchito monga muchitira pa kalabu yanu. Wina akhala wapampando, wina alemba, wina asunga mawerengero, ena apita kumsika kukafunsa mitengo. Akatsiriza aimirira pamaso pa aphunzitsi ndi kufotokoza zimene apeza, ndipo aphunzitsiwo awafunsa mafunso ovuta. Ngati mmodzi anali waulesi, onse agwa naye. Apa ndi pamene mwana aphunzira chinthu chimene buku silingamuphunzitse, ndicho kugwira ntchito ndi munthu amene sanamusankhe yekha, wa chilankhulo china, wa mpingo wina, mwinanso wa mtima wovuta. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo olemba anthu ntchito adziwa zimenezi bwino lomwe.

Kuwonjezera pa ntchito ya paguluyo, m'masukulu ambiri wophunzira aliyense achita kafukufuku wake wa yekha ndi kulemba buku laling'ono la zimene wapeza. Ndalama za ulendo ndi za mapepala zimene akupemphani zija zipita kumeneku.

Chitsanzo cha mtedza

Kuti muone nzeru zimene aphunzira, tiyerekeze kuti gulu lina latenga nkhani ya mtedza wa kuno kwathu. Mitengo imene tilembe pano ndi yongoyerekeza, si ya pamsika ayi.

Kalabu ya alimi ifuna kugula mtedza wosaswa, kuuswa ndi kukaugulitsa ku Lilongwe. Agula makilogalamu 300 pa mtengo wa K1,000 kilogalamu imodzi, ndiye kuti alipira K300,000. Wogula wa ku Lilongwe alonjeza K1,800 pa kilogalamu ya mtedza woswa. Ambiri akamva zimenezi akondwa, ati, "Tagula pa wani sauzande, tigulitsa pa mtengo pafupifupi kawiri, talemera!"

Koma wophunzira atenga pensulo. Adziwa kuti pa makilogalamu atatu a mtedza wosaswa, pafupifupi imodzi ndi makoko. Chotero pa 300 paja patsala 200. Posankha achotsa wowola, wofwapa ndi wosweka, tinene makilogalamu 20, ndipo patsala 180. Tsono awerenga matumba, aganyu oswa ndi kusankha, galimoto ndi msonkho wa pamsika, tinene zonse K60,000. Ndalama zonse zimene zatuluka zakwana K360,000. Akagawa ndi 180 apeza kuti kilogalamu iliyonse yawadyera K2,000. Taonani tsono, mtengo wa K1,800 uja, umene unaoneka wokoma, uluzitsa kalabu K200 pa kilogalamu iliyonse, ndipo pa katundu yense ataya K36,000.

Kuwerenga kumeneku si kwa matsenga. Mlimi aliyense wodziwa kuphatikiza ndi kugawa angathe kukuchita. Chimene sukulu iphunzitsa ndi chizolowezi chakuti munthu asavomere mtengo asanalembe zonse zimene zatuluka m'thumba mwake, ngakhale thukuta lake lomwe.

Gulu lanzeru lidzaonanso nkhani ya chuku. Alimi ena athira madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa, kapena kuti ulemere pa sikelo. Chinyezi chimenecho ndicho chibala chuku, ndipo chuku chili ndi poizoni wowononga chiwindi. Ogula a kunja apima mtedza ndi makina, ndipo akaupeza ndi poizoniyo aukana wonse. M'zaka za m'ma 2000 alimi a bungwe la MASFA la kuno ku Mchinji, limene lili pansi pa NASFAM, anatumiza mtedza wawo ku Ulaya, koma anatero atayamba kusamala kaumitsidwe, kasankhidwe ndi kapimidwe kake. Wophunzira wa malonda ayenera kudziwa mbiri yotereyi, pakuti msika wabwino utsata katundu wabwino.

Malire ndi sukulu ina

Mwana wa ku Mchinji ali ndi mwayi umene anzake ambiri alibe, popeza anakulira pa malire a mayiko awiri. Boma lino, limene kale ankalitchula Fort Manning, linali ndi anthu oposa 600,000 pa kalembera wa 2018, ndipo tauni ya Chipata ku Zambia ili pafupi nalo kuposa Lilongwe. Njanji inafika ku Mchinji m'chaka cha 1980, ndipo mbali yopita ku Chipata inatsegulidwa mu 2010. M'mwezi wa December 2022 atsogoleri a Malawi ndi Zambia anatsegula malo atsopano a pa malire a Mchinji ndi Mwami, okonzedwa kuti wapaulendo aime kamodzi kokha m'malo moima kawiri.

Zimene ena aziwerenga m'buku, mwana wanu anaziona ndi maso. Adziwa kuti kwacha ya Malawi ndi kwacha ya Zambia zifanana dzina lokha. Pamene ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti m'mwezi wa November 2023, amalonda amene anagulitsa katundu pa mtengo wakale anapeza kuti ndalama zimene atolera sizikwana kuodanso katundu yemweyo. Ku sukulu aphunzira chifukwa chake, ndiponso njira zodzitetezera.

Aphunziranso malamulo a msonkho. Bungwe la COMESA, limene Malawi ndi Zambia ali mamembala ake, lili ndi njira yapafupi yodutsira katundu wochepa wa amalonda aang'ono. Anthu ambiri saidziwa, motero azemba usiku m'tinjira ta kutchire, kumene alandidwa katundu yense kapena kukumana ndi achifwamba. Kumbukiraninso kuti mbewu zina zifuna chilolezo cha Boma zisanatuluke m'dziko. Funsani mwana wanu za izi, ndipo ngati sadziwa, mutumeni akafunse ku ofesi ya MRA pa malire pomwepo.

Akafika pakhomo panu

Tsiku lina mudzaona anyamata ndi atsikana achilendo ali ndi mapepala pa msika wa Kamwendo, Mkanda, Kapiri kapena Waliranji, mwinanso pakhomo panu penipeni. Musawathamangitse, komanso musawalandire mwachimbulimbuli. Wophunzira weniweni ayamba waonekera kwa amfumu, ali ndi kalata yochokera ku sukulu yake, ndipo afotokoza chimene afuna asanafunse kanthu. Sapempha ndalama, salonjeza feteleza kapena ngongole, ndipo alibe chifukwa chofunira nambala yachinsinsi ya foni yanu. Muli ndi ufulu wokana funso lililonse.

Koma mukavomera kuyankha, nenani zoona. Ena achepetsa zokolola zawo poyesa kuti alembedwa m'kaundula wa thandizo, ena azichulukitsa chifukwa cha manyazi pamaso pa anzawo. Zonsezi zisocheretsa mwanayo, ndipo malangizo amene adzalembe adzakhala opanda pake. Pomaliza muwauze kuti, "Ana inu, mukatsiriza mudzabwere kudzatiuza zimene mwapeza." Nzeru zimene zatengedwa m'mudzi ziyenera kubwerera m'mudzi.

Kukonzekera ntchito

M'masukulu ambiri wophunzira atumizidwa kwa miyezi ingapo ku kampani, ku banki, ku ofesi ya Boma kapena ku kopaletivi kuti akaone ntchito ndi manja ake. Iwo eni aitchula atachimenti. Malo ena apereka kandalama kochepa, malo ena sapereka kanthu, nchifukwa chake mwana apempha kwa inu za lendi ndi chakudya. Nthawi imeneyi ndi ya mtengo wapatali, pakuti bwana amene waona khama ndi kukhulupirika kwa mwana ndiye adzamulembere kalata ya umboni, mwinanso kumuitana malo akapezeka.

Aphunziranso kulemba kalata yofunsira ntchito pamodzi ndi mbiri ya maphunziro awo, ija aitcha CV, ndiponso kayankhidwe ka mafunso pa intavyu. Malaya oyera ndi nsapato zija ndi za masiku otere. Amene afuna kukhala akatswiri a mabuku a ndalama adzafunika kulembanso mayeso ena, monga a bungwe la ICAM, atatuluka ku koleji.

Koma tisakubisireni, ntchito za m'maofesi ndi zochepa, ndipo otsiriza sukulu chaka ndi chaka ndi ambiri. M'chaka cha 2018 Boma linayamba kutenga ena mwa iwo kuti azolowere ntchito m'maofesi ake kwa kanthawi, koma imeneyo sinali ntchito yokhazikika. Mwana wanu angathe kukhala chaka kapena ziwiri asanaitanidwe. Ndiponso ngati anaphunzira ndi ngongole ya bungwe la Boma lobwereketsa ophunzira, limene linakhazikitsidwa mu 2015, dziwani kuti ngongoleyo si mphatso, iyenera kubwezedwa kuti ana a ena athandizikenso.

Chenjerani ndi ogulitsa ntchito

Pa nthawi yodikirayi ndi pamene akuba apezerapo mwayi. Munthu aimba foni, ati ndi bwana wa kampani yakutiyakuti, malo alipo, koma mutumize ndalama msanga lero lomwe. Makolo chifukwa cha chifundo agulitsa chimanga cha m'nkhokwe, ndipo ndalama zikangopita foni ija siipezekanso. Ntchito yoona sagula. Wina akakupemphani ndalama kuti alembe mwana wanu, kanenani ku polisi kapena ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB. Chenjeraninso ndi olonjeza ntchito za kunja kwa dziko opanda mapepala omveka, makamaka ife okhala pa malire.

Akabwerera kumudzi

Mwana akabwerera kumudzi ndi digiri koma wopanda ntchito, musamuseke, ndipo musalole kuti ena amunene kuti anangowononga chuma cha makolo. Mupatseni chochita. Alembe mabuku a banki mkhonde ya amayi ake. Athandize kalabu yanu kulembetsa kukhala kopaletivi, kuti muzigulitsa pamodzi ndi kukambirana mtengo muli ndi mphamvu. Aone ngati sikelo ya venda ili ndi chidindo cha a Malawi Bureau of Standards. Akuwerengereni mitengo yoyambira imene Unduna wa Zamalimidwe ulengeza chaka ndi chaka, kuti mudziwe ngati akuberani. Ngati muli ndi malo, mudulireni ndime yake, ayese pamenepo dongosolo lija analemba ndi anzake.

Nanunso ophunzira, mukamva nkhani ino ikuwerengedwa, kumbukirani kuti amayi anu adziwa mwezi umene mtengo wa mtedza ukwera, ndipo atate anu adziwa venda wokhulupirika ndi wonyenga, ngakhale sanalowe m'kalasi. Muwafunse mwaulemu, pakuti safunsa anadya phula.

Tsono pa tchuthi chikudzachi, mwana akafika, muyalireni mphasa madzulo, mumupatse kope ndi pensulo, ndipo mumuuze zonse zimene munalowetsa m'munda wa chaka chatha, kuyambira mbewu, feteleza, aganyu, matumba mpaka ngolo. Awerengere pamaso panu ngati munapindula kapena munaluza. Pamenepo mudzadziwa nokha ngati mbuzi zija zinapita pachabe.