ULENDO WA KU CIGWA CA LUANGWA

Masiku amakedzana munthu akalowa m'thengo anali kupita ndi uta kapena mfuti kuti akasake nyama. Masiku ano kuli ulendo wa mtundu wina. Sukulu zikatsekedwa m'mwezi wa Ogasiti, atate, amai ndi ana ao amanyamuka kukaona nyama ndi maso okha, osapha ngakhale imodzi. Ulendo wotere uli wokondweretsa, koma ufuna nzeru, pakuti thengo liri ndi eni ace.

Banja lingathe kuyambira pa boma la Lundazi, makilomita ngati 180 kumpoto kwa Chipata. Pamenepo, pafupi ndi damu, pali nyumba ya njerwa yokhala ndi nsanja ngati linga la mafumu a ku Ulaya. Bwanamkubwa wa bomalo, Errol Button, anayamba kuimanga m'caka ca 1948 kuti alendo azigonamo. Kucokera pa bomapo mseu ulowera kumadzulo, nutsika mapiri kufikira m'cigwa ca mtsinje wa Luangwa. Ku mtunda kuli mphepo yozizira, koma m'cigwamo muli kutentha kwambiri.

Dera limeneli liri ndi malo awiri osungiramo nyama, amene Boma linawacha National Park m'caka ca 1972. Lukusuzi ali ku mapiri, m'nkhalango za miombo. Luambe ali wamng'ono, ndipo ali m'mbali mwa Luangwa, kufupi ndi dziko la Mfumu Chitungulu. Kale onse awiri anali m'boma la Lundazi, koma cigawireni bomalo mu 2018 ali m'boma la Lumezi.

Cinthu coyamba ndico kusankha nyengo. Kuyambira Novembala kufikira Epulo mvula imagwa, mitsinje imasefukira, ndipo dothi lakuda la m'cigwa limasanduka matope omata amene galimoto siingathe kupyola. Nyengo yabwino ndi ya cilimwe. Pamenepo udzu wauma, madambo aphwa, ndipo nyama zonse zimasonkhana ku mtsinje kudzamwa madzi. Munthu wokhala cete pansi pa mtengo wa mvunguti angaone njobvu, njati, nswala ndi mvuu zambirimbiri tsiku limodzi lokha.

Caciwiri ndico kukonza katundu. Pafunika hema, ufa, ndiwo zouma, nyali ndi madzi akumwa okwanira. Aliyense akhale ndi masikito ace, cifukwa udzudzu wa malungo uli wocuruka m'cigwa. M'nkhalango za mitengo ya tsanya mulinso kashembe, nchenche yoluma imene nthawi zina imapatsa matenda a kaodzera. Kashembe amakonda nsaru zakuda ndi zabuluu. Cifukwa cace alendo anzeru amabvala zobvala za maonekedwe a udzu wouma.

Cacitatu, ndipo coposa zonse, ndico kumvera mlonda wa nyama. Lamulo silola munthu kuyenda pansi m'malo amenewa popanda iye. Mlondayo amatsogola ndi mfuti, ndipo onse amamtsata pa mzere umodzi, osalankhula. Kawirikawiri amatapa fumbi naliwaza kuti aone kumene mphepo irikupita. Acita izi cifukwa njobvu siipenya patali, koma imanunkhiza msanga. Mphepo ikacokera kwa anthu kunka kwa iyo, idzathawa kapena kukwiya, makamaka ikakhala ndi mwana.

Mlonda adzakuuzaninso za mvuu. Usiku imaturuka kukadya msipu, nibwerera m'madzi mbanda kuca. Ikaopsedwa imathamangira ku mtsinje, ndipo woima pa njira yace ali pa ngozi yaikuru. Ana asasambe kapena kutunga madzi pa gombe, ngakhale madziwo aoneke odekha, pakuti ng'ona imabisala pomwepo. Amene sadziwa kanthu afunse, pakuti akuru anati safunsa anadya phula.

Kodi maulendo otere anayamba bwanji? M'caka ca 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu, kumwera kwa Luambe, kuti apatule malo oti alendo aziona nyama, ndi kuti ndarama zolipira alendowo zipite kwa anthu a mfumuyo. Anafuna kuonetsa kuti nyama yamoyo ingapindulitse mudzi zaka zambiri, pamene yakufa idyedwa masiku owerengeka.

Si onse anamvera. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 opha nyama mobisa anapha njobvu zikwi zambiri cifukwa ca minyanga, natsiriza zipembere zonse za m'cigwa. Mu 2003 Boma linayamba kutenga zipembere zina ku South Africa ndi kuziika ku North Luangwa kuti mtunduwo uyambenso.

Tsono inu mukapita, muyende mwaulemu monga alendo pa mudzi wa eni. Muzime moto wanu musanacoke, musataye zinyalala, ndipo mudekhe, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji cilimwe ndiyo nyengo yabwino yoonera nyama?
2. Mlonda amawaziranji fumbi?
3. Fotokozani cimene cinaonekera zipembere za m'cigwa ca Luangwa.