Nkhokwe imaonongekera pansi: tetezani chimanga ku chinyontho, chiswe ndi makoswe

M'mwezi wa Januwale chaka chatha, bambo wina wa m'dera lomwe ndimagwira ntchito adandiitana kuti ndikaone chimanga chawo. Bamboyu ndi mlimi wakhama. Adamanga kanyumba kamatabwa kokwera pa nsanamira, denga lamalata losadontha, ndipo m'katimo adasanjamo matumba 24 a chimanga chothira mankhwala.

Matumba a pamwamba adali bwinobwino. Titatsitsa n'kufika pa mzere wapansi, fungo lokha lidatiuza zonse. Matumba 6 adali atachita chuku, ena atabooledwa ndi makoswe, ndipo nsanamira ziwiri zidali zitadyedwa ndi chiswe m'kati mwake. Nthawi imeneyo n'kuti chimanga chitakwera mtengo pamsika, banja likudalira matumba omwewo kuti lifike nawo mu Epulo.

"Alangizi, dengali silidontha. Nanga madziwa alowera kuti?" adandifunsa choncho.

Yankho lake lidali pansi pa mapazi athu. Alimi ambiri tikamamanga nkhokwe kapena kanyumba kosungiramo zokolola timasamala denga ndi loko wa pachitseko, koma pansi timangoti bola pakwera. Chonsecho adani atatu a zokolola, chinyontho, chiswe ndi makoswe, onse amadzera pansi.

Chinyontho chimachokera m'nthaka

Nthawi ya dzinja nthaka imamwa madzi ambiri. Dzuwa likawomba, madziwo amakwera ngati nthunzi yosaoneka, ndipo usiku kukazizira nthunziyo imasanduka timadontho pa matabwa kapena nsungwi zoyala pansi pa nkhokwe. Madzi ogwa kuchokera padenga nawonso akamenya nthaka amathovukira m'mwamba pamodzi ndi matope. Chimanga chouma chimayamwa chinyonthochi pang'onopang'ono, kuyambira thumba lapansi.

Chimanga chikanyowa chimachita chuku, ndipo mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoksini. Poizoniyu satha ndi kuphika, amaononga chiwindi komanso amapinimbiritsa ana. Choncho chimanga choola sichoyenera kupita kuchigayo, ngakhalenso kupatsa nkhuku kapena nkhumba.

Pofuna kuthana ndi vutoli, yambani ndi malo. Mangani pokwera, pomwe madzi sadikha. Pansi pa nkhokwe pakhale potalika mita imodzi kuchokera panthaka kuti mphepo izidutsa momasuka. Dothi la kunsi kwake muliunjike ngati kachulu kuti madzi azitsetsereka, ndipo mukumbe ngalande mozungulira. Denga litulukire kunja ndithu, madzi ake azigwera kutali ndi nsanamira.

Pulasitiki ayalidwe pati?

Apa ndi pomwe bambo aja adalakwitsa. Adayala pepala lapulasitiki lakuda pamwamba pa matabwa, kenaka n'kusanjikapo matumba. Pulasitikiyo adatseka mpweya, moti chinyontho chotuluka m'chimangacho komanso timadzi tolowa ndi mphepo tidasowa kopita, n'kumadikha pansi pa matumbawo.

Pa nkhokwe yokwera, pulasitiki malo ake ndi panthaka. Lambulani kunsi konse, yalani pepalalo, ndipo mulikwirire ndi mchenga kapena timiyala kuti nkhuku ndi dzuwa zisaling'ambe. Mukatero nthunzi ya m'nthaka imatsekeredwa komweko isadakwere. Pomwe pakhale matumba pasiyeni pazipuma: matabwa kapena nsungwi zisiyane pang'ono, ndipo matumbawo asagunde khoma. Siyani mpata woti dzanja lizilowa pakati pa khoma ndi matumba.

Musamange khoma kuzungulira kunsi kwa nkhokwe pofuna kusungirako katundu. Mukatseka, mphepo imaleka kudutsa, mumakhala mdima ndi chinyezi, zomwe chiswe ndi makoswe amazikonda.

Chiswe ndi nankafumbwe wamkulu

Chiswe chimakhala m'nthaka ndipo chimakwera podzera m'nsanamira. Nsanamira imatha kuoneka yamphamvu kunja m'kati muli mphako, tsiku lina nkhokwe n'kungogwa yodzadza.

Njira yabwino ndi yoti mtengo usakhudze dothi. Khazikani nsanamira pa miyala ikuluikulu yafulati, kapena mangani timizati ta njerwa zootcha ndi simenti kuti mitanda igone pamenepo. Ngati mukuzika mitengo m'nthaka, sankhani yolimba monga muwanga kapena tsanya komwe ikupezeka movomerezeka, apo ayi bulugamu wokhwima. Isendeni makungwa onse, iume, kenaka wawulani pamoto mbali yolowa m'nthakayo mpaka ide. Ena amapakanso oyilo wakutha wa galimoto. Ngati mutero, pakani mbali yapansi yokhayo, asafike pomwe pakhale chakudya.

Sabata iliyonse suzumirani kunsi. Mukaona timisewu tadothi tikukwera pa nsanamira, tiphwanyeni nthawi yomweyo ndipo mufufuze komwe tikuchokera. Zitsa, mapesi ndi nkhuni zichoke pafupi.

Nkhuni zili ndi vuto linanso. Nankafumbwe wamkulu, yemwe adalowa m'dziko muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuchokera ku Tanzania, amaboola mitengo youma n'kumakhala momwemo. Amakondanso makaka. Choncho matabwa akale a pansi pa nkhokwe amatha kusunga kachilomboka kuchokera chaka china kufika chinzake. Musadaike chimanga chatsopano, tulutsani chakale chonse, sesani m'mipata ya matabwa, tenthani zinyalalazo, ndipo thabwa kapena nsungwi iliyonse yomwe ili ndi timabowo totuluka fumbi ngati ufa muichotse n'kuitentha.

Makoswe atsekereni njira

Khoswe amakwera mtengo mosavuta, komanso amalumpha. N'chifukwa chake kutalika kwa mita imodzi kuja n'kofunika. Pa nsanamira iliyonse, chakumtunda pafupi ndi mitanda, vekani chotchinga cha lata chooneka ngati fanulo yoyang'ana pansi. Chidutswa cha lata lakale kapena chitini chachikulu chodulidwa chimakwanira. Chikhomereni mothina, pasakhale mpata pakati pa lata ndi mtengo, ndipo m'mphepete mwake mutambasuke kuti khoswe akafika pamenepo asowe pogwira. Nsanamira imodzi yokha ikatsala yopanda chotchinga, ntchito yonse yapita pachabe.

Zotchingazi sizithandiza ngati tamuikira khoswe mlatho. Makwerero achotseni mukatha kutapa chimanga. Njinga, makasu ndi milimo zisatsamire pa nkhokwe. Dulani nthambi zofika padenga, ndipo lambulani udzu mozungulira.

Omwe angakwanitse akhomere waya wa sefa kunsi kwa matabwa. Akhale wa maso ang'onoang'ono, chifukwa kakhoswe kakang'ono kamalowa pa bowo lomwe pensulo ingalowe. Wayayu amatseka njira koma mphepo imadutsabe.

Alimi omwe mukugwiritsa ntchito matumba osalowa mpweya monga a PICS, nkhani ya makoswe ikukukhudzani kwambiri. Matumbawa amapha anankafumbwe powamana mpweya, ndiye khoswe akangoboola kamodzi, mphamvu yake yatha.

Chimanga chilowe chitauma

Pansi pabwino sipangapulumutse chimanga chomwe chalowa chili chachiwisi. Chosunga chiyenera kuuma kufika pa chinyezi cha 13 peresenti. Poti ambiri tilibe makina oyezera, gwiritsani ntchito botolo ndi mchere. Tengani botolo lagalasi louma bwino, thiranimo chimanga chodzadza dzanja ndi supuni ziwiri za mchere wouma, tsekani, khutchumulani, ndipo mudikire mphindi 15. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Poyanika yalani mphasa kapena lona, osati padothi.

Mukathira mankhwala a fumbi monga Actellic, tsatani muyeso wolembedwa pa botolo, ndipo gulani m'sitolo zovomerezeka.

Ntchito ya masiku awiri

Bambo aja adataya matumba 6 a makilogalamu 50, omwe akadadyetsa banja lawo kwa miyezi ingapo. Kukonza kanyumbako kudatenga masiku awiri okha. Adasintha nsanamira zodyedwazo n'kuzikhazika pa miyala, pulasitiki adamutsitsira panthaka, ndipo zotchingira makoswe adadula ku lata lomwe lidali litangokhala kuseri kwa khitchini. Chomwe adagula ndi misomali basi. Chaka chino nditapitako mu Febuluwale, tidatsitsa matumba mpaka lapansi, ndipo lidali louma ngati lapamwamba.

Nthawi yabwino yokonza ndi pomwe nkhokwe ili yopanda kanthu, chimanga chisadachoke kumunda. Ngati mwaika kale, musadikire chaka chamawa: ngalande, pulasitiki wa panthaka ndi zotchingira makoswe mungathe kuika ngakhale lero, mvula isadayambe. Gwadani musuzumire kunsi kwa nkhokwe yanu, gogodani nsanamira iliyonse mumve ngati ikulira mphako, ndipo pomwe mwakayika funsani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu.