MIPANDO YA AMISIRI A KU DENMARK IKANA KUKALAMBA

M'mizinda yaikulu ya ku Ulaya ndi ku America muli masitolo amene sagulitsa katundu watsopano, koma masofa, mipando ndi matebulo amene anapangidwa zaka 60 kapena 70 zapitazo. Anthu amalimbirana katundu wakaleyu, ndipo ina mwa mipandoyi imagulidwa ndi ndalama zoposa zimene mwini wace woyamba analipira iri yatsopano. Masofa ambiri a masiku ano amatha m'zaka zowerengeka, nsalu itang'ambika ndi miyendo itagwedera, koma awa akali cilili, ndipo adzukulu akhala pamene anali kukhala agogo awo.

Azungu amacha mapangidwe amenewa mid-century modern, kutanthauza mapangidwe atsopano a pakati pa zaka za m'ma 1900. Dzinali linafala pambuyo pa caka ca 1984, pamene mai wina wa ku America, Cara Greenberg, analemba buku lonena za mipando ya m'zaka za m'ma 1950. Maiko angapo anali kupanga mipando yotere, koma dziko limene linachuka koposa ndi Denmark, limene pa nthawi imeneyo linali ndi anthu opitirira pang'ono 4 miliyoni.

Sofa wa mtundu uwu sabvuta kumzindikira. Miyendo yace ndi yowonda, yocepa cakunsi, ndipo imamkweza kotero kuti tsace limalowa pansi pace. Alibe maluwa osema kapena zokometsera zina. Ambiri mwa masofawa matabwa ace amaonekera poyera, pamene makhushoni amangoikidwa pamwamba, osakhomeredwa.

CIYAMBI CACE

Nkhani ya mipandoyi iyamba ndi mphunzitsi wina, Kaare Klint, amene m'caka ca 1924 anatsegula cigawo cophunzitsa kapangidwe ka mipando pa sukulu yaikulu ya zaluso mumzinda wa Copenhagen. Bambo Klint anali kuuza ophunzira ace kuti asanalembe cithunzi ca mpando ayambe ayeza munthu: kutalika kwa mwendo kucokera pa bondo kufika pansi, kupindika kwa msana, ndi pamene cigongono cimapumira. Anali kuwaphunzitsanso kuyang'anitsitsa mipando yakale imene inatumikira anthu bwino, kucotsapo zosafunika ndi kusunga zokhazo zimene ziri ndi nchito.

Pa nthawi yomweyo akalipentala a mu Copenhagen anali pa bvuto, pakuti katundu wochipa wa m'mafakitale anali kuwalanda malonda. Motero m'caka ca 1927 bungwe lao linayamba cionetsero ca mipando, cimene cinacitika caka ndi caka kufikira 1966. Pa cionetsero cimeneci mmisiri wa matabwa anali kugwirizana ndi wacinyamata wodziwa kulemba mapulani. Wina anali kubwera ndi maganizo atsopano, mnzace ndi manja odziwa cimene thabwa lingalole ndi cimene lingakane. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo mipando yambiri imene ichuka lero inabadwa m'cigwirizano cimeneci.

Kenaka kunadza nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Asilikali a Germany analowa m'Denmark m'caka ca 1940 ndipo anakhalamo kufikira 1945. Katundu wocokera kunja anasowa, cotero amisiri anadalira mitengo ya kwao komweko monga oak ndi beech, naphunzira kusaononga thabwa. Nkhondo itatha mabanja ambiri analowa m'nyumba za zipinda zazing'ono, momwe masofa onenepa a makolo ao sakanakwana. Panafunika mipando yopepuka, yosadya malo, imene mai angainyamule yekha posesa.

MWANA WA WOSOKA NSAPATO

Wochuka koposa onse anali Hans Wegner, amene anabadwa m'caka ca 1914 m'tauni yaing'ono ya Tønder. Atate ace anali osoka nsapato. Iye anayamba kuphunzira ukalipentala ali ndi zaka 14, ndipo pomwalira m'caka ca 2007 anali atalemba mapulani a mipando yoposa 500.

M'caka ca 1949 Bambo Wegner anapanga mpando wa msana wozungulira, umene unasemedwa m'nyumba ya nchito ya kalipentala Johannes Hansen. Mpando umenewu unaoneka kwa anthu mamiliyoni ambiri m'caka ca 1960, pamene John Kennedy ndi Richard Nixon, amene anali kulimbirana upulezidenti wa America, anakhalapo potsutsana pa wailesi ya kanema. M'caka comweco ca 1949 iye analembanso pulani ya mpando wina wochedwa Wishbone, umene kampani ya Carl Hansen & Søn yakhala ikupanga kuyambira 1950 osalekeza. Pokhalira pace amaluka ndi manja, ndipo pamalowa cingwe ca mapepala opota cotalika pafupifupi mamita 120. Cingweco cikatha, woluka amadula cakale naluka cina, mpando nubwerera mwakale.

Nzeru yomweyi anaiika pa sofa wochedwa GE 290, amene anampanga m'caka ca 1953 pogwirizana ndi kampani ya Getama, imene inali yodziwika ndi kupanga matiresi. Thupi la sofayu ndi matabwa okhaokha, opendekera pang'ono cakumbuyo kuti msana upume. Makhushoni ace ali ndi masipuling'i m'kati monga matiresi, ndipo munthu angawacotse, kuwakuntha pfumbi ndi kuwatembenuza.

MIPANDO YA ANTHU WAMBA

Mnzace wa Wegner, wobadwa caka cimodzi ndi iye, anali Børge Mogensen, wophunzira wa Bambo Klint. Kuyambira 1942 kufikira 1950 iye anatsogolera cigawo ca mipando ca FDB, bungwe la makopaletivu a ogula a m'Denmark. Colinga ca bungweli cinali cakuti banja la munthu wa nchito wamba lithe kugula mpando wolimba ndi wooneka bwino pa mtengo wofikirika. Mpando wace wa J39, wa m'caka ca 1947, unalowa m'nyumba zambiri kotero kuti anthu anaupatsa dzina lakuti mpando wa anthu.

Bambo Mogensen anapanganso masofa awiri odziwika. Woyamba, wa m'caka ca 1945, ali ndi msana wa timitengo toimirira, ndipo mbali yace imodzi imamangidwa ndi malamba a cikopa. Munthu akamasula malambawo mbaliyo imatsika, iye natambasula miyendo ndi kugona. Waciwiri anampangira nyumba yace m'caka ca 1962, wokutidwa ndi cikopa ca ng'ombe, ndipo pambuyo pace sofa wa mtundu umenewu anaikidwa m'nyumba zambiri za akazembe a Denmark m'maiko akunja.

Wacitatu woyenera kumchula ndi Finn Juhl. Iyeyu sanali kalipentala. Anaphunzira kulemba mapulani a nyumba, ndipo maganizo ace anali kuwasandutsa mipando ndi mmisiri Niels Vodder. Juhl anakonda mizere yopindika, monga ionekera pa kasofa kace ka anthu awiri ka m'caka ca 1941 kochedwa Poet. Mbiri yace inafika kutali, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 anapatsidwa nchito yokonza cipinda cimodzi ca misonkhano ku likulu la bungwe la United Nations mumzinda wa New York. Mipando imene inaturuka m'manja mwa Vodder iri pakati pa imene igulidwa ndi ndalama zambiri lero.

CINSINSI CA KULIMBA KWACE

Kodi ndi ciani cimene casunga mipando imeneyi zaka zonsezi? Coyamba ndi thabwa louma bwino. Thabwa laliwisi limafota likamauma, ndipo polumikiza pamene panali pothina pamayamba kugwedera. Amisiri aja sanali kuthamangira kusema thabwa lisanaume.

Caciwiri ndi kalumikizidwe. M'malo modalira misomali, mmisiri anali kusema mphako m'thabwa limodzi ndi lilime pa linzace, nalowetsa lilimelo m'mphakomo ndi guluu. Msomali umakulitsa bowo lace pang'onopang'ono munthu akamakhala ndi kunyamuka, pamene lilime losemedwa mothina limagwira thabwa linzace mbali zonse. Ndiponso popeza matabwa anali poyera, mmisiri analibe pobisa nchito yoipa. Sofa wokutidwa ndi nsalu ponseponse angathe kubisa matabwa osapala ndi misomali yopindika, ndipo wogula amadziwa zimenezi ndalama zitapita kale.

Cacitatu ndi cakuti ziwalo zimene zimatha msanga zinapangidwa zocotseka. Nsalu imasuluka, siponji yakale imauma ndi kusanduka ufa, malamba a mphira a pansi pa makhushoni amaduka. Zonsezi zingasinthidwe popanda kuononga thupi la sofa. Ngakhale matabwa eni ace ambiri sanapakidwe utoto wokhuthala. Anangotikitidwa mafuta, ena sopo, kotero kuti pamene pakandika amangopalapo pang'ono ndi kupakanso.

Komabe mipandoyi inapita m'nyengo ya kunyozedwa. M'zaka za m'ma 1970 anthu anatembenukira ku katundu wa pulasitiki ndi wa matabwa a utuci womata, wochipa ndi wopangidwa mwamsanga. Masofa a makolo anaoneka acikale, ndipo ambiri anatayidwa kapena kugulitsidwa pa mtengo wa bwezi. Patapita zaka anthu anaona kuti katundu watsopano uja watha pamene wakale akali wolimba, ndipo anayamba kumfunafuna. Lero ogula amatembenuza mpando kuti aone cidindo ca amene anaupanga, pakuti kwabuka anthu opanga yonamizira.

MITENGO INALIPIRA

Mbiri iyi iri ndi mbali yace yowawa. Malonda atakula m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, mafakitale a ku Denmark ndi maiko ena anayamba kugwiritsa nchito kwambiri mitengo yocokera kutali: teak wa ku maiko a Asia monga Burma ndi Thailand, ndi rosewood wa ku Brazil. Mtengo wa rosewood unali utadulidwa kale kwa zaka zambiri cifukwa ca mipando ndi zoimbira, ndipo unacepa kwambiri m'nkhalango. M'caka ca 1992 maiko a m'pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene ziri pafupi kutha, analetsa kugulitsa kunja matabwa odulidwa catsopano a mtengowu.

Anthu a m'Zambia adziwa bwino nkhani yotere. Mtengo wa mukula wadulidwa kwambiri m'nkhalango za dziko lino ndi kutumizidwa ku China, kumene amapangira mipando yamtengo wapatali, ndipo m'caka ca 2019 nawonso unalembedwa m'pangano la CITES kuti usaturuke m'dziko popanda cilolezo. Mtengo wolimba umatenga zaka makumi ambiri kuti ukule. Mpando umene ukhala zaka 70 umapatsa nkhalango mpata wakuti mtengo wina ukule m'malo mwa wodulidwawo, koma umene utha m'zaka 5 umatumiza nkhwangwa kuthengo kawirikawiri.

PHUNZIRO KWA OGULA NDI AMISIRI

M'nyumba zambiri za kuno kwathu, makamaka za aphunzitsi ndi anchito a boma opuma, mukali mipando ya manja a matabwa ndi makhushoni ocotseka, yambiri yopangidwa ndi mlombwa, umene ena amaucha mukwa. Iribe maina a amisiri ochuka a ku Ulaya, ndipo mwini wace asayembekeze kulemera nayo. Koma nzeru ya kapangidwe kace ndi imodzimodzi, ndipo kawirikawiri imaposa kulimba sofa wonyezimira wa m'sitolo amene banja lifuna kusinthanitsa nayo likagulitsa cimanga kapena thonje.

Banja limene liri ndi mpando wotere liyambe lauyang'ana lisanautaye. Ngati matabwa sanafumbwe ndipo ciswe sicinalowemo, mpandowo uli ndi moyo. Polumikiza pogwedera kalipentala angapamasule, kucotsa guluu wakale ndi kumatanso, osati kukhomerapo misomali imene ing'amba thabwa. Telala angasoke nsalu zatsopano za makhushoni. Mpando usakhale pa dothi lacinyontho kapena pa dzuwa la tsiku lonse, ndipo upakidwe mafuta a matabwa nthawi ndi nthawi.

Wogula watsopano naye acite monga acitira ogula a ku Copenhagen: autembenuze mpando, aone polumikiza, augwedeze, akhalepo kanthawi, ndipo afunse mmisiri kuti thabwalo linauma miyezi ingati. Mmisiri wodziwa nchito yace sakwiya ndi mafunso otere. Hans Wegner mwini wace anali kufuna kuti mpando ukhale wokongola mbali zonse, kutsogolo, kumbuyo ndi kunsi komwe, ndipo kalipentala wa ku Katete kapena ku Lundazi amene ali ndi mlombwa wouma, chizulo yakuthwa ndi mtima wodekha angathe kupanga mpando wopirira mayeso omwewo.