Kasungidwe ka Nkhuku Zazikulu za Mikolongwe

Inu eni mabanja a ku Namitete, ku Nsaru, ku Kabudula, ku Mpingu ndi ku Nambuma, tamverani mau awa a nkhuku zakuda zazikulu zija tizitcha Mikolongwe. Dzina lake lenileni ndilo Black Australorp, mtundu wochokera ku Australia. Koma kuno zinatenga dzina la malo a ziweto a Boma ku Mikolongwe, m'dera la Chiradzulu, kumene aziswetsa. Tambala wake akakhwima alemera makilogalamu 3 kapena 4, pamene wa kwathu angofika 2. Ambiri agula nkhuku zimenezi, nazisunga monga za kwathu. Pakutha miyezi itatu palibe yotsala, ndipo ndalama zapita.

Tiyambe ndi khola. Khola lathu lija la m'mwamba liyenera nkhuku zopepuka, zodziwa kuuluka. Nkhuku yolemera ikalumpha pamenepo m'mawa uliwonse itupa kuphazi, nitsimphina. Ndipo tambala wotsimphina sakwera misoti. Chifukwa chake muikepo makwerero a nsungwi otsetsereka bwino, kapena mumange khola lapansi la zidina, la chitseko cholimba kuti vumbwe ndi likongwe zisalowe. Mitengo yogonapo ikhale yochindikala ngati mpini wa khasu, ndipo isapitirire bondo la munthu kutalika kwake. Denga lisadonthe, mazenera akhalepo kuti mphepo ipite. Sesani kawiri pa sabata ndi kuwaza phulusa, pakuti utitiri ndi nthata zikonda khola lauve. Zitosi mupite nazo kudimba.

Tsono za chakudya, ndipo apa ndi pamene ambiri alakwa. Thupi lalikulu silikhuta ndi kupalasa kokha, makamaka m'chilimwe pamene pabwalo pali fumbi lokhalokha. Madeya okha adzaza mimba, koma samanga mnofu kapena dzira. Tengani mbale 3 za madeya ndi mbale 1 ya soya, musakanize ndi kamchere pang'ono. Soyayo muyambe mwamkazinga ndi kumsinja, pakuti waiwisi alepheretsa nkhuku kugaya chakudya. Nkhuku imodzi yaikulu ilandire dzanja lodzaza m'mawa ndi lina madzulo, usana ipalase. Chiswe, zinyenyeswa za usipa, bonongwe ndi chisoso zonse nzabwino. Zigoba za nkhono muziotche ndi kuzipera, kuti mazira atuluke olimba. Mtedza wachuku, umene inu mwaukana posankha, musauponyere nkhuku ai: muli ululu woononga chiwindi. Madzi akhale atsopano masiku onse, pamthunzi.

Msoti wa Mikolongwe uikira mazira ambiri, koma pa kufungatira uposedwa ndi wa kwathu. Muike mazira ake 10 pansi pa thadzi la kwathu, lidzaswa pa masiku 21 ndi kulera anapiye. Tambala mmodzi akwanira misoti 10, ndipo chaka chikatha musinthane ndi mnansi, angakwere ana ake omwe.

Chitopa chilibe mankhwala, ndipo sichiopa ukulu wa nkhuku. Chibwera kolimba m'nyengo yotentha, mvula isanagwe. Katemera wa I-2, wa kadontho kamodzi m'diso, aperekedwa miyezi inai iliyonse. Funsani mlangizi wa ziweto, ndipo mudzi wonse utemere tsiku limodzi. Nkhuku yogula pamsika, ngakhale ioneke yamoyo, muitsekere payokha masabata awiri isanalowe m'khola la zinzake.