Mankhwala a mphumu amene salowa m'selo

Kwa nthawi yaitali ndinkakhutira ndi fanizo la kusukulu lija: mankhwala ndi kiyi, selo lili ndi loko, basi. Pano ndinalitaya, chifukwa loko ndi chitsulo chouma gwa, pomwe receptor, imene fanizoli limaitcha loko, imapindika.

Taganizirani munthu wa mphumu, chifuwa chikulira ngati mluzu, wangopopera salbutamol m'kamwa. Pa khungu la maselo a minofu yozungulira njira za mpweya pali puloteni yotchedwa beta-2 receptor. Imaboola khungulo kasanu ndi kawiri, kulowa n'kutuluka ngati chingwe chosokera mphasa, ndipo paliponse pamene yaboola pamaima kamzati. Salbutamol amangokhala m'kadzenje kakunja, n'kukoka timizati toyandikana nako pang'ono chabe. Kukokako kumakula kukafika m'kati: kamzati kachisanu ndi chimodzi kamapendekera kunja, mpata n'kutseguka. Puloteni ina ya m'kati mwa selo, yotchedwa G protein, imalowa mumpatamo, uthenga umayenda, minofu imamasuka, munthu uja n'kupuma.

Brian Kobilka wa ku Stanford ndi anzake anaonetsa chithunzi cha receptor imeneyi itagwirana ndi G protein mu 2011. Mu 2012 iye ndi Robert Lefkowitz analandira mphoto ya Nobel.

Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti receptor sikhala duu kudikira mankhwala. Imangoyendayenda pakati pa maonekedwe angapo, ndipo mankhwala amagwira amodzi n'kuwakhazikitsa. Propranolol, wa mtima ndi BP uja, amakhala m'kadzenje komweko koma kamzati kaja sakapendeketsa, amangotsekereza malo. N'chifukwa chake madokotala amapewa kumupereka kwa munthu wa mphumu.